Moni wa Mawa

Khalani pansi, inu! Iwe wa chingwewe, mbuziyo isiye. Wolembawe, ulembe mmene ndikunenera, usandikonzere mawu.

Panali munthu wina wosungunula mkuwa, mkamwini pamudzi pa mkazi wake. Akutchalitchi anamupempha belu, poti ankaitanira anthu ndi khasu lothyoka. Anaumba chikombole cha dothi, nachiumitsa gwa. Anapemerera ng'anjo mpaka mkuwa unasanduka madzi ofiira.

Tsono mkuwa wa belu umathiridwa kamodzi, osapumira. Ukaima pakati, woyambawo umazizira, wotsatirawo sugwirana nawo.

Ali mkati mothira, anangomva, "Odi kuno!" Apongozi ake aakazi, mtolo wa nkhuni pamutu. Mkamwini angaime chilili apongozi akuodira? Anatula mbiya ya mkuwa, nanyonyomala, nawomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka, kaya inu bambo? Nanga chifuwa chija?"

Moni unatalika, mkuwa ukuzizira. Anathira wotsalawo, koma belu linatuluka ndi msoko m'chiuno. Pa Sabata analiimba: gwe! gwe! Anthu kuseka. "Bola khasu lathu lija!" Akuluampingo anati akalepheranso, ntchito ipita kwa wina.

Munthu uja analiphwanya belulo, naumba chikombole china. Mawa lake ndiye lothira. Anasamba, napita kwa apongozi dzuwa lili pamutu, nanyonyomala patali.

"Amayi, ndabwera ndi moni wa mawa. Mwadzuka bwanji mawa?"

Apongozi anaseka mpaka kugwira nthiti. "Bambo, mawa ndadzuka bwino. Mwati bwanji kodi?"

"Mukandipeza ndikuthira, sindiyankha. Mkuwa sudziwa apongozi."

M'mawa apongozi anayala mphasa panjira yopita kung'anjo. Aliyense wobwera ankamubweza: "Moni wake ndasunga ine, perekani kuno." Mkamwini anathira kamodzi mpaka chikombole kudzaza. Pa Sabata belu linalira ngeee, mpaka a kutsidya kwa dambo anafika mapemphero asanayambe.

Mwamva, ana inu? Ulemu ndi ntchito sizilimbana. Wopusa amadikira kuti zikumane pakhomo limodzi, wanzeru amayamba wakapereka ulemu moto asanakoleze. Iwe amene umathawa mayi ako osatsanzika, kenako n'kumadandaula kuti akuitana uli pakati pa...

Ee? Ndani? ANangondo akundiitana? Ndikubwera, mayi! Mwaona, amenewo sindinakawapatse moni m'mawa. Ndipatseni ndodo yangayo.