Mkazi wa Goloboyi Aletsedwa Kuonera Mpira

Panali munthu wina, kochi wa timu ya mpira pa kamsika kena, dzina lake a Kachingwe. Bamboyu ankawerengera chilichonse: zigoli, makona, mipira yotayika. Akuti ngakhale nthuli za nyama kunyumba ankaziwerenga, koma izo n'za eni.

Tsiku lina anatulukira chinthu. Pa masewero amene mkazi wa goloboyi, Nankhoma, ankabwera, timu inkamwetsedwa zigoli zosayamba. Mayiyo akakhala kulibe, golo inkauma gwa. A Kachingwe anangonong'oneza wapampando wa komiti, iye yekha basi. Pofika Lachisanu msika wonse unali utamva. Ena ankati mayiyo ali ndi minyama. Ena ankati goloboyi amasiya mpira n'kumasuzumira amene akuseka ndi mkazi wake. Ndipo kuseka ankasekadi mayiyo, mano mbee!

Komiti inagamula kuti Nankhoma asapondenso pabwalo. Abale a goloboyi anayamba kumuuza kuti akazi abwino alipo ambiri.

A Kachingwe mtima sunakhale pansi. Nambala zinali zawo, ndipo banja la eni linali kugwedezeka. Ananyamuka kupita komwe Nankhoma ankakazinga zitumbuwa.

"Mayi, bwanji masewero ena mumabwera, ena ayi?"

"Aa, a kochi, inunso! Ndizisenza dengu lonse kukagulitsa kwa mbuzi zodya msipu pabwalopo? Ine ndimabwera kukabwera matimu akuluakulu, anthu akadzaza. Timatimu tanu tinato amaonera ndani?"

A Kachingwe anagwira pakamwa. Iwo ankawerenga masiku amene mayiyo wabwera, osawerenga kuti tsikulo akusewera ndi ndani. Zigolizo zinkabwera ndi matimu amphamvu, osati ndi Nankhoma.

Loweruka lotsatira kunabwera katimu kofooka. Kochi ananyamula mpando wake womwe n'kumukhazika Nankhoma kuseri kwa golo, komiti yonse ikuona. Mayi anaseka ndi aliyense monga mwa masiku onse, mpaka ndi oyimbira mpira. Goloboyi sanamwe ngakhale chimodzi. Madzulo goloboyi ndi mkazi wake anabwerera kunyumba limodzi panjinga, mayi akubayibitsa wapampando.

Tsono inu okonda kuwerengera, werengani ndithu, nambala n'zabwino. Koma zikakulozerani munthu, musafulumire kumuweruza. Yambani mwafunsa kuti tsiku limenelo kunabweranso ndani.