Nsalu Yomwe Telala Anabisa Kumsana kwa Jekete

Anzanga, yakwana! Suti yakwana, mabatani onse atseka, ndipo mwini wake wavina lero pakhonde la telala anthu akuona! Dikirani ndipume kaye, ndikuuzeni mmene zinayambira, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza tonse.

Panali mlimi wina wa mtedza kumudzi kwathu kuno. Chaka chomwe ankakwatira anapita kwa telala wa pamsika. Telala anamuyeza mapewa, chifuwa, mikono ndi miyendo, namusokera suti yabuluu wakuda, yakeyake, yoti wina ataivala singamukhale. Pomupatsa anati, "Achimwene, suti ili ngati ng'ombe yapangolo, imafuna kupuma. Musaichape pamwala, musaiyanike padzuwa, ndipo simbi isaikhudze popanda kansalu konyowa pakati."

Mlimi uja anamva. Akaivala Lamulungu, pobwera ankakhuthula m'matumba, n'kuichotsa fumbi ndi bulashi kuyambira m'mapewa kutsika m'munsi. Pamsomali sankaipachika ayi, kuopa kuti ingamere linunda. Anasema yekha hang'ala yamtengo, yamapewa otakata. Nyengo ya mvula, anzake akamayanika masuti awo padzuwa lamphamvu kuti chuku chife, iye ankaipachika pamthunzi podutsa mphepo, n'kukhala pansi pake kuthamangitsa mbuzi.

Mlamu wake ankamuseka. "Alamu, kodi muli pamitala? Mkazi wamkulu ndi mchemwali wanga, wamng'ono ndi ameneyu mukumulonderayu?" Mlamuyo naye anali ndi suti ya kwa telala yemweyo, koma yake inkapita kumaliro, kumpira, kubawo. Ikada ankaichapa ndi sopo pamjigo, n'kuiyanika padenga la nkhokwe.

Zinapita zaka makumi awiri ndi zinayi. Mwana wamkazi wa mlimi uja anapeza banja, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha. "Bambo, mudzandiperekeze m'tchalitchi mutavala suti yomwe munakwatirira amayi." Bambo anavomera osaganiza kawiri. Koma ataiyesa, kalanga ine! Mimba inali itakula. Batani ndi bowo lake zinkangoyang'anizana ngati anthu okangana. Anakoka mpweya, anadzifinya, thukuta kamukamu, koma ayi ndithu. Apa n'kuti ukwati utatsala masiku asanu.

Mlamu anati, "Tiyeni kukaunjika, mukasankhe yofananako. Mwanayu anali asanabadwe, adzadziwa bwanji?"

Mlimi anaiganizira nkhaniyo. Kukaunjika kunali pafupi, komanso kunalibe manyazi. Koma likanakhala bodza, bodza lonamiza mwana wake pa tsiku lake lalikulu. Anakulunga suti m'nsalu yoyera, nakwera njinga kupita kwa amene anaisoka. Mlamu anatsatira pambuyo ndi yake, popeza nayonso inali itayamba kumuthina.

Telala uja, tsopano ali ndi imvi ndi magalasi, anatembenuza jekete, natenga lezala, nadula ulusi wa msoko wakumsana. Anzanga, mkatimo munali nsalu! Anaisiya dala tsiku loyamba lija, zala zitatu mbali iyi, zala zitatu mbali inayo, yopindidwa bwinobwino, ikungodikira. Koma telala sanasekerere msanga.

"Nsalu ilipo," anatero, "koma yamkatiyi sinaonepo dzuwa. Ngati yakunjayi inasuluka, ndikafutukula padzaoneka mzere kumsana, ndipo mzere umenewo ine sindingaubise."

Telala anatuluka nayo poyera, nagundanitsa nsalu yobisika ija ndi yakunja. Anayang'ana. Anavula magalasi, anapukuta, anayang'ananso. Mtundu umodzi! Osasiyana ngakhale pang'ono, ngati zadulidwa dzulo! Makina anayamba kulira pomwepo.

Nanga ya mlamu? Atatsegula, mkati munali mwabuluu, kunja kuli mbuu ngati phulusa, mzere kumsana ngati kanyimbi. Telala anangoti, "Iyi, bambo, kaivekeni mtengo kumunda, iziopseza mbalame." Pakhonde ponse panali phwete, ndipo mlamu anasowa poyang'ana.

Tsono tamverani tanthauzo lake. Telala ndi Mulungu, amene anatiyeza aliyense payekha, natisokera moyo wotikwana. Mkati mwathu anasiyamo nsalu yake yosasuluka, ndipo yakunja ndi makhalidwe omwe timayenda nawo tsiku ndi tsiku. Likubwera tsiku lomwe adzatsegule msoko, n'kuika zomwe anatipatsa pambali pa zomwe takhala. Tsiku limenelo mtundu sukonzeka ayi, anzanga. Mtundu umasungidwa lero, mawa, mkuja, anzako akukuseka kuti ukudziona ngati woyera. Alekeni aseke. Wosunga ndi amene adzavine.

Ndipo musaganize kuti ndangopeka! Ukwati ndi mawa m'mawa ku tchalitchi kwathu. Tadala, Wezi, Upile, nonse mubwere, muuzenso anzathu akusukulu a Fomu 2. Mufike msanga, mukhale m'mphepete mwa kanjira kapakati, ndipo bamboyo akamadutsa atagwira dzanja la mwana wake, muyang'anitsitse kumsana. Amene apeze mzere adzandiuze!