Zitseko Zinapita ku Banki

Kalekale, mwana wanga, pafupi ndi fakitale ya thonje panali nyumba makumi awiri za malata. Zonse zinamangidwa ndi ngongole ya kubanki.

Fakitale inatsekedwa. Malipiro anauma. Koma ngongole sinaume.

Banki inatuma mthenga. Anamata pepala lofiira pa chitseko cha mai Nangondo, mayi wamasiye wogulitsa mandasi. Pepala linati, "Mwezi ukatha musanalipire, nyumba tilanda."

Mai Nangondo anayesa kulimatula, osamatuka. Manyazi anawagwira. Anapachikapo lichero kuti aneba asaone.

Mthenga anamatanso kwa a Mposa, atelala. A Mposa anapachikapo chitenje. Anamatanso kwina, uko anapachikapo chikopa cha mbuzi. Khomo ndi khomo, khomo ndi khomo.

"Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka bwino."

Bodza lokhalokha!

Tsiku lina kunabwera kamvuluvulu. Malichero m'mwamba, zitenje m'mwamba, zikopa m'mwamba. Zitseko zonse kufiira kuti psuu!

Anthu anayang'anana. Mai Nangondo anaseka, anaseka mpaka misozi.

"Kani a Mposa, inunso?"

"Inenso, mayi. Ndinapita ndekha kukadandaula kubanki, mlonda anandibwezera pageti."

"Mutu umodzi susenza denga," anatero mai Nangondo. "Mawa aliyense azule chitseko chake."

Kutacha, zitseko pamutu, mzere ulendo wa kutauni. Anayenda, anayenda. Mlonda ataona zitseko makumi awiri zikubwera, anangotsegula geti yekha.

Bwana wa banki anatuluka. "Ichi n'chiyani?"

Mai Nangondo anatula chitseko chawo. "Mapepala anu sakumatuka, bwana, ndiye tabwera nawo chonchi. Ngongole sitikukana ayi, tinakongoladi. Koma ntchito kwathu inatha. Mukatilanda tonse, nyumbazo adzagula ndani? Mileme?"

Bwana anakanda mutu. Anakandanso. Kenako anati, "Apatseni mipando."

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Anagwirizana kuti azilipira pang'onopang'ono, zaka ziwonjezeke. Wina akalephera mwezi, anzake amusonkhere. Palibe nyumba inalandidwa, ngakhale imodzi.

Ine ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umadzaza. Ndimathokoza mai Nangondo chifukwa cha pakamwa pawo. Ndimathokoza bwana uja, poti makutu anali nawo. Ngakhale kamvuluvulu ndimamuthokoza, pajatu popanda iye bwenzi aliyense akumira yekhayekha, kwinaku akumwetulira.

Ndiye iwe, kalata ya kubanki wabisa m'Baibulo ija ndinaiona. Usatembenukire kumbali, ndinaiona. Ukuyesa mumzere wa nyumba zanu wonsewu walandira ndiwe wekha? Itulutse. Pita ukagogode kwa aneba, uwaonetse.

Nthano yanga yathera pomwepa.