Zipinda Ziwiri za pa Kakhadi ka a Kamphambe

Inu ana a masiku ano, amene mumabadwa foni ili kale m'manja, simungamvetse ulemu umene anthu ankapereka kwa kakompyuta kamodzi pa sukulu ina kuseri kwa phiri la Ntchisi. Kanali kathabwa chabe kobiriwira, kokwana m'chikhatho, ndipo mwini wake, aphunzitsi a Gidiyoni Kamphambe, ankakasunga m'kabokosi ka sopo. Nzeru zake zonse zinkakhala pa kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Kakayaka, ngakhale amayi opita kuchigayo ankaima pawindo kuti aone nawo. Zinali nthawi zokoma zimenezo.

A Kamphambe anali munthu waluso ndi wamtima wabwino, koma chilema chawo chinali chimodzi: sankatha kukana. Mkati mwa sabata ankaphunzitsa sitandade 8, ndipo Loweruka ndi Lamulungu ankatsogolera kwaya. Pofuna kuti kakompyuta katumikire konsekonse, anagawa kakhadi kaja zipinda ziwiri, china cha maphunziro a ana, china cha nyimbo. Kutsogolo anasiya kakhonde, pamene panali kamzere kouza makinawo chipinda choti alowe akamayaka. Akafuna kusintha ankalemba kamzereko mwatsopano, n'kuzimitsa mwaulemu, n'kudikira kuti kanyali kasiye kuphethira asanazule chingwe.

M'chipinda cha nyimbomo munali mawu a bambo awo, malemu a Yesaya, amene anayambitsa kwayayo. Zinali nyimbo zisanu ndi imodzi zimene anazikopera kuchokera pa kaseti yakale, ndipo kasetiyo inali itatafunidwa kale ndi wailesi. Akazi awo, a Nangondo, nkhani imeneyi sinkawasangalatsa.

"Abambo a Tiyese, apongozi anga musawagoneke nyumba imodzi ndi masamu a ana," anatero tsiku lina. "Apezereni kakhadi kawokawo."

A Kamphambe anaseka, nati nyumba yomangidwa bwino imakwana anthu onse, komabe achita zimenezo mawa. Mawa limenelo linakhala zaka zitatu lisanafike.

Ndiyetu linadza Loweruka lina la mwezi wa Meyi. Kutchalitchi anakonza mwambo wokumbukira oyambitsa mpingo, woyamba teni koloko, ndipo anagwirizana kuti kwaya idzaimba motsatira mawu a malemu a Yesaya pa sipika. Mayi awo a Kamphambe, a Nachanza, anabwera pa lole kuchokera ku Dwangwa, maso atayamba kale kuchita khungu, kuti adzamve mawu a amuna awo amene anali asanawamve kwa zaka khumi ndi chimodzi. Ahedi nawo anapempha kuti m'mawa womwewo ana abwereze masamu pa kakompyuta, poti mayeso anali Lachitatu. A Kamphambe anavomera uku, navomeranso uko.

Ana anali ndi mafunso ambiri, ndipo a Kamphambe anazindikira nthawi atamva belu la kutchalitchi likulira kutsidya kwa dambo. Analemba kamzere kaja mothamanga, ndipo kanyali kakuphethirabe anazula chingwe. Pofuna kutsimikiza asananyamuke anayatsanso, koma kakompyuta sikanalowe m'chipinda chilichonse. Kakhonde kanali katagumuka.

Apa akanakhala pansi n'kupuma, sipakanatayika kanthu, pakuti zipinda zonse zinali zidakalipo, chilichonse ndi katundu wake. Chofunika chinali kukonza khonde lokha, ntchito ya madzulo amodzi. Koma ana anali kuwayang'ana, belu linali kulira kachiwiri, ndipo iwo ankafuna kuti asachite manyazi kulikonse. Anabwereka laputopu ya ahedi, nalowetsamo kakhadi, nayamba kulemberapo pulogalamu yoyatsira makinawo mwatsopano. Laputopu inachenjeza kuti zonse za pa khadi zifufutika. Iwo, maso ali pa wotchi, anaganiza kuti ikunena za khonde lokha, ndipo anavomera monga mwa chizolowezi chawo.

Anapalasa njinga kudutsa dambo, nafika kutchalitchi malaya atanyowa ndi thukuta. Analumikiza zingwe, ndipo kakompyuta kanayaka bwinobwino. Koma mkati munali chipinda chimodzi chokha, chosesedwa mbee, mopanda nyimbo, mopanda masamu. Anafufuza paliponse, mpingo wonse ukudikira, mpaka anamvetsa chimene anachita. Anapita pa benchi ya kutsogolo, nagwada pafupi ndi mayi awo.

"Amayi, ababa ndawafufuta ndi manja angawa. Kulibenso kwina kumene ali."

A Nachanza anagwiritsitsa mpango umene anauchapa dzulo lake chifukwa cha tsikuli. Kenaka anapapasa mutu wa mwana wawo.

"Imirira ukayambitse ndiwe, Gidiyoni. Ukatsitsa mawu umafanana nawo pang'ono."

Anaimba, misozi ikutsika, ndipo kwaya inavomera. Anthu anati nyimbo inakoma, koma a Kamphambe mawu oti "pang'ono" aja anawapweteka moyo wawo wonse. A Nachanza anabwerera ku Dwangwa, ndipo anatisiya chaka chotsatira osawamvanso amuna awo.

Pobwerera kunyumba tsiku lija, a Nangondo sananene kuti ndinakuuzani. Anangoyang'ana malaya onyowa a amuna awo, nayang'ana kumwamba kumene kunalibe ndi kamtambo komwe, nati, "Mapanga awiri avumbwitsa."

Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa makompyuta, ndipo sindikangana nawo, koma kwathu tinaumva koyamba kwa a Nangondo. Munthu mvula ikamupeza pakati pa mapanga awiri, amathamangira ili, n'kuonanso kuti lija ndiye labwino, ndipo amanyowera panjira pomwe mnzake wa phanga limodzi ali gwa, wouma. Ukalonjeza mbali ziwiri pa nthawi imodzi, changu chimakulanda zonse, ndipo chimayambira pa chimene sungachipezenso. A Kamphambe masamu a ana anawabwezeretsa sabata yomweyo. Pambuyo pake anagula kakhadi kachiwiri, nakalemba dzina la bambo awo, ndipo kanakhala m'kabokosi ka sopo kaja mpaka ukalamba wawo, kopanda kanthu.