Telala Amene Anasokera Mankhwala M'nsalu

Pa msika wina kuseri kwa mapiri kunali telala. Abale anga, ameneyu sanali telala wamba. Amati anasokerapo udzudzu kabudula wa matumba awiri. Ine udzudzuwo sindinauone, koma amene anandiuza amaimba kwaya, ndiye sanganame kwambiri. Msoko wa telala ameneyu sunkasomoka. Malaya ankatha, mwini wake n'kumwalira, msoko uli chilili.

Telalayu anali ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu, dzina lake Lekeleni. Chaka china chikuku chinalowa m'deralo, ndipo chinamugwira mwanayo. Thupi linatentha, zidzolo thupi lonse, maso psuu, manthongo osati masewera. Mayi ake anali m'chikuta ndi khanda, choncho telala anabereka yekha mwana kumbuyo, n'kupalasa njinga mpaka kuchipatala.

Kumeneko anesi anatenga kam'bulu kofiira, kofewa, ka vitamini A. Anadula kansonga kake ndi sizasi, n'kufinyira timafuta take m'kamwa mwa mwana. Kenaka anamupatsa telala timibulu tina tiwiri, poti kwawo kunali kutali.

"Bambo, kamodzi mawa, kenako pakatha milungu iwiri," anatero anesi. "Mudule, mufinyire m'kamwa. Chikuku chimadya maso a mwana."

Pobwerera, asanafike n'komwe pa mlatho, mwana uja anasanza. M'malo mobwerera kukawauza anesi, telala anaimika njinga, n'kuyang'ana masanziwo, n'kuyamba kuganiza. Ndipo abale, munthu waluso akayamba kuganiza payekha pamsewu, thawani.

Anati mumtima mwake: mankhwala a boma ndi awa agona pa fumbi. Chinthu chomeza chimabwerera. Chikapanda kubwerera, chimathera kuchimbudzi. Koma chinthu chosokedwa ndi ine, chinayamba chathawa liti?

Atafika, anakhala pa makina ake. Anatenga kansalu kotsala pa diresi la ukwati, koyera mbee, n'kusoka kathumba kakang'ono ngati chala chachikulu. Anaikamo timibulu tiwiri tija. Anasoka, anabwereza, anabwerezanso, n'kukongoletsa ndi mikanda itatu. Kenaka anamuveka mwana m'khosi ngati chithumwa.

Mkazi wake anasuzumira pakhomo. "Bambo a Lekeleni, anesi anati mutero?"

"Anesi amadziwa kubaya jakisoni, mayi. Kusunga chinthu, funsani ine. Akameza n'za tsiku limodzi. Apa zimugwira chaka chonse."

Kathumbako kanali kokongola, ndisaname. Amayi oyandikana nawo atakaona, nawonso anabwera ndi timibulu ta ana awo odwala. Telala anasoka timathumba tisanu ndi tinayi, kena ka maluwa, kena ka mizere, osalipiritsa aliyense. Anali munthu wabwino mtima. Gwirani pamenepo, chifukwa si oipa okha amene amapweteka ana.

Patapita masiku zidzolo zinayamba kuuma. Telala ankauza aliyense wodutsa pa khonde kuti, "Mwaona ntchito ya singano?"

Koma dzuwa likangopendeka, Lekeleni ankayenda mopapasa. Tsiku lina anagunda mtondo. Tsiku lina anaponda nkhuku ili gone. Bambo ake anati ndi kufooka kwa matenda, kutha.

Ndiye kunacha m'mawa wina, dzuwa lili ngwee. Telala anali atamusokera mwana wake diresi lachikasu la kuchira. Anaima pabwalo, n'kulitambasula ndi manja awiri.

"Leke, taona chimene ababa akusokera."

Mwana anatembenukira kumene kunkachokera mawu. Anatambasula timanja take, n'kudutsa pambali pa diresilo, n'kukagwira mpanda.

"Ababa, muli pati?"

Diresi linagwa pansi. Telala anagwada, n'kumutsegula zikope. Diso lakumanzere linali litayera pakati ngati mwadonthezeramo phala. Lakumanja linali louma, lopanda kuwala kuja kwa diso la mwana. Munthu amene ankalowetsa ulusi pa singano atatsinzina sanaone chimene chinkachitika pankhope ya mwana wake kwa milungu itatu, chifukwa akamuyang'ana, maso ake ankathera pa kathumba.

Njinga ya tsiku limenelo, amati inadutsa galimoto ziwiri ndi mphepo yomwe.

Anesi atayang'ana masowo, anafunsa chinthu chimodzi. "Timibulu tija munamupatsa?"

Telala analoza pakhosi pa mwana.

Anesi anayang'ana kathumbako, anayang'ana telala, anayang'ananso kathumbako. Anatenga sizasi kuti asomole. Msoko unakana. Ndinakuuzani kuti msoko wa munthu uyu sunkasomoka. Mpaka telala mwini wake anatenga lumo, n'kung'amba ntchito ya manja ake, anthu onse pa benchi ali kukamwa yasa. Timibulu tiwiri tinagwera m'dzanja la anesi, tofiira, tonyezimira, tathunthu ngati tsiku limene anatipereka.

"Mankhwala mwawasunga bwino, bambo," anatero anesi motsitsa mawu. "Ndi mwanayu amene simunamusunge."

Anamudonthezera vitamini A watsopano pomwepo, n'kumugoneka m'chipatala. Diso lakumanja linapulumuka. Lakumanzere linapita, ndipo silinabwerenso.

Tsiku lomwelo telala anabwerera kumudzi ndi sizasi m'manja. Analowa khomo ndi khomo, nyumba zisanu ndi zinayi, kudula timathumba take m'makosi mwa ana a eni ake, n'kumauza amayi awo kuti, "Thamangani naye kuchipatala lero, osati mawa. Ndinakunamizani." Amati kuyambira pa kubadwa kwake, tsiku limenelo ndi limene anagwira ntchito yabwino koposa, ndipo sanasoke kanthu.

Tsono abale anga, musamugwedezere mutu telalayu msanga. Mwa ife muno, matelala ndi ambiri.

Mulungu anatipatsa Mawu ake kuti alowe m'kati. Ife tawasokera chikuto chokongola. Buku la Mawu lili pansi pa pilo kuti mfiti zisafike. Vesi lili pa khoma m'chipinda chochezera, lina pa chitenje, lina kumbuyo kwa minibasi. Mtanda uli m'khosi, yunifolomu ya mpingo yasitidwa mpaka ikhoza kudula chala. Zonsezi n'zokongola, ngati kathumba kaja. Koma mawu akuti ukhululukire m'bale wako munawameza liti? Akuti usiye bodza, analowa, kapena akungolendewera pa chifuwa?

Mwina munayesapo kamodzi, anakuwawani, munasanza. Telala nayenso anayambira pamenepo. Ukasanza mankhwala umabwerera kwa amene anakupatsa, sumakhala pa makina n'kuyamba nzeru zako.

Mawu amene sanalowe samachiza. Amakhala athunthu, onyezimira, pamene mwini wake akuchita khungu pang'onopang'ono, mpaka tsiku limene Atate adzaima patsogolo pake dzuwa likuswa mtengo, atanyamula chovala chatsopano, iye n'kudutsa pambali akufunsa kuti, muli pati?

Lekeleni anakula. Masiku ano bambo ake maso anafooka, ndipo ndi iyeyo amene amawalowetsera ulusi pa singano, atapendeketsa mutu kuti aone ndi diso limodzi lija. Telala sayang'ana kumbali. Amamuyang'ana kumaso mpaka ulusi utalowa.

Inu mudakali ndi maso onse awiri. Dulani kathumbako lero, mumeze.