Mipopi Youma ya pa Mapu

Kaofesi kawo kanali pamwamba pa shopu ya telala: chipinda chimodzi, tebulo limodzi, makompyuta awiri. Pawindo pankakhala kandege kojambula zithunzi kuchokera kumwamba, ndipo n'kamene kanapatsa mwini wake dzina, pakuti mumsewu monsemo ankangomuti Mayi Kandege. Iye ndi mlamu wake anali ndi bizinesi yojambula mapu, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba aweramitsa mitu makompyuta asanayake.

Ntchito yaikulu yoyamba inachokera ku bungwe lina loona za madzi. Linkafuna mapu a mipopi yonse ya m'madera asanu a m'tauni kuti lidziwe kokaika yatsopano. Mapuwo akakoma, ntchito ya madera ena khumi inali yawo.

Kandege kanauluka masiku atatu, zithunzi n'kutuluka zooneka bwino moti ndi ndowa zomwe ukanawerenga. Mlamu anati ndi bwino akayendenso pansi, akafunse amayi otunga madzi. Mayi Kandege anauma khosi. Anati nthawi yawathera, ndipo chimene diso laona sichifuna mboni.

"Alamu, kandegeka kamaona mpopi, koma sikamva ludzu," anatero mlamuyo, n'kumuikira tiyi patebulo.

Tsiku lopereka mapu, holo inadzaza ndi anthu a m'maderawo. Mayi Kandege analoza dera la kuseri kwa njanji, pamene panali timadontho tabuluu tisanu ndi tinayi, nanena kuti kumeneko madzi ndi okwanira. Apo kumbuyo kunaimirira mayi wina wochapira anthu zovala, manja ali otuwa ndi sopo.

"Pepanitu amayi, mipopi mwawerengayo ndi yathudi. Koma yotuluka madzi ndi iwiri. Inayo timayanikapo zovala."

Anthu anafa nacho chiseko. Mkulu wa bungwe anapinda mapu mwaulemu, n'kunena kuti mndandanda wa madera olandira mipopi utsekedwa Lachisanu. Mayi Kandege anaona kuti timadontho take tatsala pang'ono kumana dera lonse madzi. Sanadziikire kumbuyo. Anapempha masiku anayi okha.

M'mawa mwake kandege kanatsala pawindo. Anavala nsapato zafulati n'kulowa m'tinjira tothinana, foni m'manja. Pampopi uliwonse ankapotokola, kudikira, kufunsa oyandikira, n'kulemba malowo pafoni. Mlamu sanamukumbutse mawu aja ngakhale kamodzi, ankangomugwirira ambulera padzuwa. Wochapa zovala uja anasiya beseni lake n'kuwatsogolera, akuseka kuti lero mbalame yatera. Atafika pakhomo pake anawapatsa madzi m'kapu, otunga kutali. Mayi Kandege anamwa pang'onopang'ono, akuthokoza Mulungu chamumtima, osataya ndi dontho lomwe.

Tsiku lachitatu mapazi anatuluka matuza. Anamangapo kansalu n'kupitiriza. Pofika Lachinayi madzulo anali atagwira ndi manja ake mpopi uliwonse m'madera onse asanu, ndipo yakufa inapezeka makumi awiri ndi itatu.

Lachisanu anapereka mapu atsopano, mipopi youma ataiika mofiira. Dera la kuseri kwa njanji linalembedwa pamwamba penipeni pa mndandanda. Koma sabata yotsatira mkulu uja anaimba foni: ntchito ya madera khumi aipereka ku kampani ina, popeza anzake anati wopunthwa pa asanu sangamudalire pa khumi.

Mayi Kandege anathokoza, n'kuika foni pansi. Kenako anakokera mpando pakompyuta n'kuyamba kulemba kalata yofunsira ntchito kwina.

"Alamu, kuyambira lero mapu sadzatuluka muno mapazi athu asanapondepo," anatero Mayi Kandege.

Uchi umene ankauyembekezera unapita ndi ena, iye n'kutsala ndi zomata mano. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.