Kulira kwa Lole ya a Gwaza

Kalekale, koma osati kale lenilenilo poti malole anali atayamba kale kuyenda, panali a Gwaza ndi lole yawo yotuta mchenga. Loleyo inali ndi kaliridwe kakekake: kha-kha-kha, ngati nkhuku ikujompha m'mbale yachitsulo. Akazi awo, a Nankhoma, ankaizindikira idakali kutsidya kwa dambo, ndipo sankalawa kanthu amuna awo asanafike.

A Gwaza atamwalira, a Nankhoma anasokonekera mutu, maso nawo anachita khungu. Maliro anawaiwala, koma kulira kwa lole ayi. Mwana wawo woyamba, Ganizani, ndiye ankaiyendetsa tsopano. Akafika madzulo ankatsokomola pabwalo ngati malemuwo, mayi n'kusekerera: "Abambo anu afika. Bweretsani chakudya." Moyo wawo unkalendewera pa kaphokoso kameneko.

Fatsani, chitsirizira, anali makaniko m'tauni. Atabwera kudzacheza anatchera khutu, nati, "Achimwene, mukuyendetsa lole kapena chigayo?" Anatsegula injini. Kamushafiti, ndodo yachitsulo ya mfundomfundo ngati nzimbe, imene imatsegula ndi kutseka timakomo topumira injini, inali itadyeka. "Tizidutswa take tikugwera mu oyilo," anatero. "Injini idzakuferani pachitunda mutasenza mchenga, tidzalire maliro ena." Anakasaka ina kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, naiikamo. Injini inayamba kung'ung'udza ngati mphaka wokhuta.

Madzulo ake lole inafika mwakachetechete. Ganizani anatsokomola pabwalo.

"Akutsokomolayo ndani?" anafunsa a Nankhoma. "Amuna anga sayenda wapansi. Chotsani mbalezi, ndiwadikira."

Anadikira, masiku n'kumapita, masaya n'kumalowa.

Tiyanjane, mwana wawo wamkazi amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa, anayesa zonse. Anabisala kuseri kwa nyumba n'kumagogoda mbale ndi sipuni, koma mayi anangoti, "Siya chibwana, iwe." Potsiriza anagwada, nawagwira dzanja. "Amayi, bodzali lakwana. Abambo anatisiya. Tinawaika pafupi ndi mtengo wa mpoza uja, inu mulipo." A Nankhoma analira tsiku lonse ngati uthenga wangofika kumene. Kutacha, imfayo anaiiwalanso, koma mawu a Tiyanjane sanawaiwale. "Chotsani mfiti iyi, ikufunira amuna anga imfa!" Kuyambira pamenepo, ngakhale madzi ochokera m'manja mwake ankawalavula.

Ganizani sanafunse munthu. Anatola kamushafiti yakale ija pamene inatayidwa kuseri kwa khola, naipukuta ndi malaya ake. Tiyanjane anati, "Achimwene, Fatsani akamva?" Iye anayankha, "Aiphike injini yakeyo adye. Injini zilipo zambiri, amayi ndi amodzi." Anaibwezeramo. Madzulo kunamveka kha-kha-kha kutsidya kwa dambo, ndipo a Nankhoma anadzuka okha pamphasa, nadya mpaka kunyambita zala. Ndimati ndikaganiza za tsiku limenelo ndimafuna nthanoyi ikanathera pomwepo.

Koma mwezi usanathe, lole ili pachitunda ndi mchenga wodzaza, injini inakuwa kamodzi, inafuka utsi, n'kugwira osazunguliranso. Ganizani anadumpha, lole inabwerera chambuyo mpaka m'ngalande. Fatsani ataitanidwa anasuzumira, namenya sipanala pansi. "Ndinanena ine! Iyi ndiye yapita. Ngakhale mutaitanitsa kamushafiti kumwamba, siingadzuke."

"Iwe unachiritsa chitsulo n'kudwalitsa munthu," anatero Ganizani.

"Nanga inu mwachiritsa chiyani? Onani!"

Kunyumba, mbale ya phala inkazizira m'manja mwa Tiyanjane.

Kutsidya kwa dambo kunati zii. A Nankhoma anagona pamphasa, khutu ataloza kumsewu, thupi litatha ngati phesi. Tsiku lina anaitana ana onse atatu. Mawu ankatuluka movutikira.

"Alipo wina pano watsekereza amuna anga panjira. Sindikudya mpaka adziulule. Ndani?"

Anawo anayang'anizana. Fatsani anaopa kuika mbale wake m'manda, nachotsa phokoso. Tiyanjane anatopa kunamiza womubala, nanena zoona. Ganizani anagulira amayi ake masabata ochepa a chimwemwe, koma analipira ndi lole yonse, ndi phokoso lake lomwe. Palibe anachita mwa nkhanza, komabe mayi akutha, ndipo akudikira yankho.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, tandiuzani: mwa atatuwa, ndani ayenera kugwada pamphasapo n'kunena kuti, "Amayi, ndine"?